Kambalame ka mchira wautali kabweranso, koma mtengo wake kaupeza uli mu uvuni

Akonzi,

Ndipatseniko danga pa tsamba lanu la makalata, ngakhale ndikudziwa kuti ena akangoona kuti nkhani yake ndi ya mbalame angotsegula tsamba lina kukasaka za ndale kapena za mitengo ya chimanga ndi feteleza. Nanenso ndikamba za mitengo, koma osati ya pamsika ayi, ine yanga ndi ya masamba ija, komanso za kanyama kena kakang'ono kamene kandisowetsa mtendere chilowereni mwezi wa Okutobala.

Ine ndine telala, kwathu ndi ku Dedza koma ku Mzuzu kuno ndakhalitsa moti ana anga ChiTumbuka amachilankhula kuposa ine. Makina anga ali pakhonde la nyumba ya lendi ku Zolozolo, nde mukudziwa ntchito yathuyi, munthu umakhala pamalo amodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, mwendo ukupalasa, maso pa singano, ndipo maso akatopa umadzutsa mutu nkuyang'ana chilichonse chimene chili kutsogolo kwako. Kutsogolo kwanga kunali puloti ya eni ake yosamangidwa, yotsetserekera ku kakhwawa, inali ndi mitengo ikuluikulu ya mapeyala iwiri, mango, mkuyu umodzi ndi katope cha kumunsi kumadzi. Mmenemo ndi mmene ndinadziwanirana ndi kambalame kameneka.

Amene munakaonapo mukazindikira msanga. Thupi lake ndi laling'ono ngati mpheta yonenepa basi, mutu wakuda mobiriwira ngati nsalu ya suti ikawalidwa ndi dzuwa, ndi kachisumbu pang'ono kumbuyo kwa mutu, msana ndi mapiko zofiirira ngati dothi la katondo, kumimba kotuwa ngati phulusa. Kuzungulira diso kali ndi kamzere ka buluu, mlomonso wa buluu, ungati kachita kudzola popita ku ukwati. Koma nkhani ili pa mchira. Kakamuna kali ndi nthenga ziwiri zapakati pa mchira zazitali zedi, zimatha kutalika ngati thupi lonse mwinanso kuposa, nde kakamauluka pakati pa nthambi zimaweyula kumbuyo ngati maliboni aja timasokerera pa madiresi a ana operekeza mkwatibwi. Kakakazi mtundu ndi womwewo koma mchira wake ndi wamba, kalibe zamanyado zimenezo. Kunyumba kwathu mwana wanga wamkazi ali wamng'ono anangokapatsa dzina loti Namchira, mpaka lero tonse timati a Namchira, olo kali kakamuna.

Dzina la m'mabuku ndinalidziwa mwangozi. Kunabwera mnyamata wina wophunzira za nkhalango pa Mzuni kudzachepetsa thalauza, nde podikira anaona ndikuyang'anitsitsa mumtengo, kufunsa kuti bambo mukuona chani, ine kumulozera. Anaseka nkutulutsa foni, kundionetsa chithunzi chake chenicheni, akuti pachingerezi ndi African paradise flycatcher, a sayansi amati Terpsiphone viridis. Tsiku lobwera kudzatenga thalauza anabwera ndi buku la mbalame lonenepa ngati Baibulo la pa guwa, anandibwereka sabata ziwiri, ine ndalama ya thalauza sindinalandire, tinangothana choncho. M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, taganizani, koma tikati tiyambe kutchula maina ambirife tithera pa njiwa, khwangwala, pumbwa, nthengu, namzeze, kadzidzi, timba, mpheta, basi zala sizinathe nkomwe kawiri.

Kulemera kwake ndi magalamu 12 mpaka 14, kutanthauza kuti paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi kuti ilingane pa sikelo mufunika timbalame timeneti toposa 70. Koma kantchito kamene kamagwira sikolingana ndi thupilo. Sikadya mbewu, sikalowa m'munda mwa munthu kukaba mapira, sikajompha mango kapena papaya ngati pumbwa, chakudya chake ndi tizilombo basi, ntchentche, agulugufe aang'onoang'ono a usiku aja, tizikumbu, nyerere zouluka, akangaude, timbozi ta pamasamba. Kasakidwe kake nkosangalatsa kuonera, kamatera pa nthambi ya mumthunzi kali tcheru, mutu uku ndi uku, kenako phuluu kauluka, kutembenuka m'malere ngati kaponyedwa, mumva kuti thwa mlomo watseka, kabwerera pa nthambi ina. Nthawi zina kamatambasula mchira ndi mapiko nkumazungulirazungulira pakati pa masamba kuti tizilombo tobisala tidzidzimuke tiuluke, nde kamatitola. M'mbali mwa mlomo kali ndi tiubweya tolimba ngati ndevu za mphaka, mlomowo ndi wophwatalala kutsinde, wopangidwira kuwakha zouluka. Tsiku la ngumbi mvula ikangokata madzulo ndiye kumakhala phwando, ana ali ndi mabeseni pansi, a Namchira ali m'mwamba, aliyense akukolola zake. Ndipo kusamba kwake sikofanana ndi mpheta zimene zimakhala m'chithaphwi nkumadzikuntha, aka kamachokera pa nthambi nkudziponya pamadzi phava, kutuluka, kubwerera pa nthambi kukadzikonza nthenga, nkubwerezanso. Ndakaonapo kangapo pa kadziwe ka kukhwawa kuja.

China chimene anthu ambiri sadziwa nchoti kambalameka sikakhala nafe chaka chonse. Nthawi yozizira ija ya Juni ndi Julaye, pamene Mzuzu amakhala ali mu nkhungu ndi kamvula kowaza kosatha, ife tili m'majuzi ndi zipewa, mumtengo muja mumakhala zii. Timene timaswana kunoti mvula ikatha timanyamuka kulowera chakumpoto, kumadera a nkhalango za ku Congo, nkudzabwerera cha kumapeto kwa Sepitembala kapena mu Okutobala kukayamba kutentha, mitengo ya m'tchire itaphuka masamba ofiira aja. Kopanda pasipoti, kopanda kuima pa Songwe kudinditsa, kanthu ka magalamu 13. Ine ndinafika pokhala ngati ndili ndi kalendala yanga, ndikangomva kakulira mokalipa kuja kuti zwii-zwee, kenako kanyimbo kake ka mluzu kofulumira, ndimadziwa kuti basi nyengo yatembenuka, anthu ayamba kubweretsa nsalu za maukwati a Disembala ndipo kumudzi akusosa. Ndipo si kokha kamene kamayenda, m'mitengo momwemo nyengo yomweyo mumafikanso kena kotuwa mobiriwira kosaoneka bwino nkomwe, willow warbler, kosakwana ndi magalamu 10, kameneko kamachokera ku Ulaya ndipo tina timachokera kutali ku Siberia, ulendo wa makilomita oposa 10,000, kudzangodya tizilombo ta m'mitengo yathu nkubwerera kwawo kukaswa. Koma ameneyo ndi mlendo wongodutsa, wanga ndi uyu wobwera kudzamanga banja.

Nde pa kamangidwe ka chisa ndi pamene ine monga telala ndimavula chipewa. Ndasoka zaka zambiri, ndaphunzitsa anyamata angapo amene pano ali ndi mashopu awo m'tauni, koma ntchito ya kambalame aka sindingaifike. Kamasankha kamphanda ka nthambi yopyapyala, kawirikawiri yolendewera pamalo otseguka pansi, pamwamba pa njira kapena pamadzi, kumene mphaka kapena njoka ingavutike kufika. Kakamuna ndi kakakazi timagwira tonse, palibe zoti wina ali pa bawo. Timayamba ndi tiluzi ta makungwa, timizu topyapyala, tiudzu touma, koma ulusi wake womangira zonsezo ndi wa kangaude. Eya, ukonde wa kangaude womwe timausesa ndi tsache m'makona a nyumba uja. Kamakautenga ndi mlomo, nthawi zina kamabwera kamutu konse kali mbuu ndi ulusiwo, nkumaukulunga kuzungulira mphanda, kukoka, kumata, kenako kamalowa m'kati nkukhala pansi nkumazungulira, chifuwa chikukankha khoma kuti chisa chitenge thupi lake, ndendende mmene ife timayesera kasitomala tisanamalize msoko. Ulusi wa kangaudewo umamata komanso umatamuka, nde tiana tikamakula chisa chimapereka mpata osang'ambika, ife timati nsalu ya sitirechi.

Pomaliza kamapita pa makungwa a mitengo yakale kukatola ndere zotuwa zija zimamera pa thunthu, nkumazimata kunja kwa chisa chimodzichimodzi ngati zigamba. Poyamba ndinkati nzokongoletsa, koma ukaima pansi nkuyang'ana m'mwamba ndi pamene umamvetsa, chisa chija sichioneka, chimangokhala ngati kachotupa ka nthambi yomweyo. Chaka china chisa chitatha ntchito chinagwa ndi mphepo, ndinachitola nkuchiika pa tebulo la makina, kakapu kakang'ono kosafika ndi kapu ya tiyi, kopepuka ngati thonje, m'kati mosalala bwinobwino mopanda kansonga kobaya. Ndinachisunga mu kabokosi ka mabatani mpaka chinafumbutuka. Makasitomala ena ankati a telala mwayamba zamankhwala eti, ine nkumangoseka.

Chimene chimandiseketsa nchoti mbalame yochenjera kubisa nyumba chonchi, bambo wake akakhala pa mazira chinsinsi chonse chimaululika, chifukwa mchira uja sukwana m'chisa, umangolendewera kunja ngati lamba woiwalika pa chingwe. Amasinthana kufungatira, mayi akatuluka kukadya bambo amalowa. Mazira amakhala awiri kapena atatu, oyera motuwira ndi timadontho tofiirira, pakatha pafupifupi sabata ziwiri aswa, ndipo pakathanso sabata ziwiri zosakwana bwino tiana tatuluka m'chisa, tili ndi timichira tatifupi, tikungokhala pa nthambi kudikira kudyetsedwa. Masiku amenewo makolo sapuma, ine ndinayesapo kuwerenga maulendo obwera ndi chakudya kuyambira pamene ndayamba kusoka kolala mpaka kuimaliza, ndinasokonezeka ndi kuwerengako nkusokanso kolala mokhota, ndinachita kusomola. Ndipo ukhondo wake, kamwana kakachita chimbudzi chimatuluka chokutidwa ngati kathumba koyera, kholo limachitenga ndi mlomo kukataya kutali kuti pansi pa chisa pasaoneke zizindikiro. Akuluakulu anati timba sachepa ndi mazira ake, zoona, ndinaona ndi maso anga khwangwala wathunthu, wa m'tauni wozolowera kulanda ana zitumbuwa, akuthamangitsidwa ndi tinthu tiwiri timeneti, tikumudumphira pamutu mosinthana uku tikukalipa mpaka anachoka pa mkuyu paja mwamanyazi. Mdani amene timalephera ndi wochenjera, mbalame zina za mtundu wa cuckoo zimene sizimanga chisa, zimadikira eni ake atuluke nkuikira dzira lawo mmenemo, eni nyumba nkumalera mwana wa eni osadziwa. Zimenezo ndiye za chilengedwe, sindingazidandaule, zinalipo ife tisanabadwe.

Chimene ndikudandaula ndi ichi. Mwezi wa Ogasiti puloti ija inagulidwa. Sinditchula munthu, ndipo ndi ufulu wake, ndalama ndi zake. Koma Akonzi, tsiku limodzi lokha, anyamata anayi ndi makina ocheka aja olira ngati njinga yamoto, pofika 4 koloko madzulo mapeyala onse awiri ali pansi, mango pansi, mkuyu pansi, mpaka katope wa kumadzi amene sanali kutchinga chilichonse, amene mwinanso sali nkomwe m'malire a puloti. Ndinapita mwaulemu kukafunsa kapitawo wake kuti bwanji osasiyako umodzi wa kumalire uko, nyumba ikubwera kumtunda kuno, anandiyankha kuti abwana akufuna pakhale poyera aone bwino malo awo, komanso nkhuni zikufunika zootchera njerwa za fensi. Nde mitengo imene inatenga zaka makumi kuti ifike pamene inafika inalowa mu uvuni nkutha masiku atatu. Pano pali fensi yaitali bwino, m'kati mwake muli fumbi ndi mulu wa mchenga, nyumba sinayambe nkomwe, mwina mpaka chaka cha mawa.

Sabata yachiwiri ya Okutobala m'mawa ndikupaka mafuta makina ndinamva zwii-zwee. Mtima unangoti phaa. Kanatera pa waya wa pamwamba pa fensi, kamene sindinakaonepo katatera pa waya chiyambire chifukwa ndi kambalame ka mumthunzi, kali pa dzuwa mchira uli lende, kauluka kuzungulira pamene panali peyala wamkulu, kubwerera pa waya, kuzunguliranso. Sindikunena kuti mbalame imaganiza ngati munthu, kapenanso kuti ndi komwe kaja ka chaka chatha, ine sindinakamange chingwe kumwendo, koma amene munabwererapo kumudzi nkupeza nyumba ya makolo anagumula mukudziwa chimene ndinamva pamenepo. Ntchito tsiku limenelo sinayende.

Tsopano mfundo yanga ndi iyi, ndipo ndikupempha a khonsolo, a zankhalango ndi aliyense amene ali ndi puloti mu Mzuzu muno aimve. Chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo timakhala mu nyengo yodzala mitengo, timaona zithunzi m'nyuzipepa mwanu momwemu, akuluakulu atavala magambutsi atsopano atagwira kambande m'kachubu, ziwerengero zikuluzikulu zikutchulidwa. Zabwino, sindikutsutsa, nanenso ndadzalako ku tchalitchi kwathu. Koma tazolowera kuganiza ngati mtengo ndi mtengo basi, kuti ukadula umodzi wa zaka 40 nkudzala mbande khumi ndiye kuti wabweza mpaka ndi chiwongola dzanja. Sizili choncho. Kambalame kanga sikangamange chisa pa mbande yofika m'bondo. Kamafuna mthunzi wothithikana wosakiramo, kamafuna nthambi zolendewera, kamafuna ndere zimene zimamera pa makungwa okalamba, kamafuna akangaude ndi tizilombo tochuluka timene timakhala m'mtengo waukulu. Mbande ija, ngati mbuzi ndi moto ndi chilimwe zaisiya, idzafika pamenepo mdzukulu wanga ali ndi ndevu. Nanga pakati apa kazikaswera kuti?

Komanso zimene timakonda kudzala ndi paini ndi bulugamu chifukwa zimakula msanga ndipo zili ndi ndalama ya matabwa ndi mapolo. Amene munayendapo m'kati mwa paini wa ku Chikangawa nthawi imene anali wothithikana mukukumbukira mmene munkakhalira chete, pansi pali singano za paini zokhazokha, kenako mukalowa m'kachigwa momwe munatsala mitengo yachilengedwe mumamva phokoso la mbalame ngati mwalowa mumsika. Paini ndi munda ngati wa chimanga, ndi wofunika, koma si nkhalango. Nkhalango ndi ngati ya Kaning'ina, yomwe tonse tikuiona mmene ikuperepeseka chaka ndi chaka, ndipo tisaiwale kuti madzi a m'mipopi yathu amachokera ku damu la Lunyangwa lomwe limadalira mitengo ya kumtunda komweko. Koma ine lero sindikukamba nkomwe za nkhalango zotetezedwa, zimenezo zili ndi malamulo ake ndi alonda ake, ndikukamba za mtengo umodzi umodzi wa pa puloti, wa m'malire, wa kukhwawa, wa pa sukulu, wa kumanda, umene palibe amauwerengera. Mzinda uno unayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung, ija njere zake amafinyamo mafuta, m'zaka za m'ma 1940, unakhala mzinda mu 1985, pa kalembera wa 2018 tinali anthu oposa 220,000, ndipo aliyense akufuna pake pomanga, Mchengautuwa, Luwinga, Nkhorongo, Lupaso, Msongwe, konse kukumera nyumba. Zimenezo sizingaime ndipo siziyenera kuima, nanenso ndikanakhala ndi ndalama bwenzi ndili ndi kanga. Koma anthu amene anabwera kuno kale amakamba za Mzuzu wobiriwira wozizira, lero Okutobala wa kuno wayamba kutentha pakhonde mpaka kuvula shati, ndipo mvula ikagwa yamphamvu madera otsetsereka ngati ku Masasa timangomva za makoma kugwa.

Ndisadzionetse ngati woyera. Kunyumba kwanga timaphikira mbaula, thumba la makala ndimagula kwa anyamata a njinga omwe aja amatsika nawo m'bandakucha, ndipo ndikudziwa bwino kuti makalawo sachokera kumwamba. Magetsi akathima ayironi yanga ndi ya makala. Nyumba imene ndikukhalayi ndi ya njerwa zootcha. Nde sindingaime pa chulu nkumaloza anzanga chala, umphawi ndi umene umatidyetsa nkhalango, ndipo mnyamata wa makala uja akusaka ya sopo ndi fizi ngati ine ndemwe. Koma kudula mtengo wa zipatso wa pamalire kuti uone bwino malo ako si umphawi umenewo. Munthu wokwanitsa kugula puloti ndi kumanga fensi yonse ija angakwanitsenso mabuloko a simenti, kapena kungouza anyamata kuti uwo ndi uwo musaukhudze. Ndi chizolowezi chabe choti malo osamalika ndi malo ometedwa mpala, bwalo losesedwa mpaka kuwala, mankhwala opopera paliponse kakangoyenda kanthu. Kenako tidandaula kuti ntchentche zachuluka, masamba a mpiru kudimba adyedwa ndi mbozi, tikagulenso mankhwala ena, pamene antchito aulere tawathamangitsa tokha.

Za ana a malegeni ndinenepo pang'ono, koma mosakalipa chifukwa ine ndemwe ndili mwana ku Dedza ndinali katswiri wa ulimbo, mbalame zimene ndinawotcha pa moto wa kubusa sindingaziwerenge. Chaka chathachi mnyamata wina wa m'dera lathu anabwera pakhonde atatsomeka nthenga ziwiri zazitali zofiirira pa kapu yake, akunyada. Sindinamumenye kapena kumukalipira, ndinamufunsa kuti nyama yake inakwana pati, anati aaa inali yochepa ngati chala, anapatsa mphaka. Nde ndinamukhazika pa benchi nkumuuza za ku Congo, za ulusi wa kangaude, nkumuonetsa chisa china chimene chinali mu mango, bambo ali pa mazira mchira uli lende. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti nde kamadziwa bwanji njira. Kuyambira tsiku limenelo iyeyo ndi amene anakhala mlonda, anzake akabwera ndi malegeni amawabweza yekha. Ana si ankhanza, amangosowa wowauza. Aphunzitsi a m'mapulayimale, makalabu a zachilengedwe aja a bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi alipo m'masukulu ena, koma olo popanda kalabu, kutulutsa ana panja mphindi khumi kukaima pansi pa mtengo nkuwafunsa kuti mukumva mbalame zingati sikufuna bajeti.

Kwa a khonsolo pempho langa ndi laling'ono, pamene mukuvomereza mapulani a nyumba mumayang'ana za chimbudzi, za msewu, za malire, bwanji osaonjezerapo kuti mitengo ikuluikulu imene ili kunja kwa maziko isiyidwe, makamaka ya m'mbali mwa makhwawa? Mafumu a m'mabuloko athu nawonso amakhalapo pogulitsana malo, mawu amodzi ochokera kwa iwo amamveka kuposa chikwangwani. Ndipo inu ogula mapuloti, musanaitane anyamata a makina, pitani kaye nokha madzulo amodzi mukakhale pansi pa mtengowo, muone ngati mukufunadi kuti mawa pakhale dzuwa lokhalokha.

A Namchira anasowa masiku asanu, ine nkuti basi apita kwina. Kenako Lachiwiri lapitali mkazi wanga akuanika zovala anandiitana monong'ona, bambo a Chisomo tabwerani muone. Kuseri kwa nyumba yathu kuli kamtengo ka mango kamodzi kokalamba, kopindika, kamene sikabala bwino nkomwe, nde pa kanthambi kolendewera pamwamba pa njira yopita kubafa pali kakapu kayamba kuoneka, ulusi wa kangaude uli mbee. Vuto ndi loti mtengo umenewu a landilodi ananena kale mwezi watha kuti audula chifukwa masamba akutseka ngalande ndipo akufuna kuikapo kachipinda kena ka lendi. Dzulo ndinavala shati yabwino nkupita kukawaona, ndinayamba ndi moni wautali, za kumudzi, za mvula, kenako nkuitula nkhani. Anandiyang'ana ngati ndapenga, akuti a telala, zoona mwabwerera mbalame? Tinakambirana mpaka tiyi anazizira, pomaliza tagwirizana kuti mtengo uima mpaka Epulo, ngalande ndizisesa ine m'mawa uliwonse, ndipo mayunifomu a ana awo atatu a teremu ikubwerayi ndisoka ulere, nsalu okha agula. Za pambuyo pa Epulo akuti tidzakambirananso.

Ine wanu,
Telala wa pakhonde,
Zolozolo, Mzuzu